Mbiri Yosungidwa M'nsambo ndi mu Utoto

(Kulira kwa kora, kenaka kutsike pang'onopang'ono)

Chikulirachi ndi kora, choimbira cha nsambo 21 chopangidwa ndi chipanda chachikulu chokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe. Lero tili kuzambwe kwa Africa, pakati pa anthu a mtundu wa Mande, m'maiko a Mali, Guinea, Senegal ndi Gambia. Kumeneko mbiri ya fuko ili ndi eni ake oisunga, otchedwa jeli. Ntchitoyi ndi yakumtundu. Mwana wa kubanja la Kouyaté kapena Diabaté amakula akuloweza maina a mafumu, nkhondo zawo ndi mibadwo yawo, mpaka zonse zitakhazikika pamtima.

Nkhani yaikulu pa zonse ndi ya Sundiata Keita, mwana amene anachedwa kuyenda, anthu n'kumamuseka. Yemweyo ndiye anadzagonjetsa mfumu Soumaoro Kanté ku Kirina cha m'ma 1235, nakhazikitsa ufumu wa Mali. Jeli wake anali Balla Fasséké Kouyaté. Mpaka lero, m'mudzi wa Niagassola ku Guinea, zidzukulu zake zikusungabe Sosso Bala, ulimba umene akuluakulu amati unali wa Soumaoro.

(Kulira kwa ulimba, kusanduke magitala)

Mbiri imeneyi sinatsalire kumudzi. M'zaka za m'ma 1970 inalowa mumzinda wa Bamako, kumene gulu la Rail Band linkaimba pahotela ya pasiteshoni ya sitima, likuthira magitala m'nyimbo zakale zotamanda mafumu. Woimba wawo, Salif Keita, anali wa kubanja lachifumu. Mwamwambo, iye anayenera kukhala pansi n'kumaimbiridwa. Koma mnyamata wachialubinoyu anasankha kuimba, ngakhale abale ake sanakondwe nazo. M'gulu lomwelo munalinso Mory Kanté, wobadwira m'banja la ajeli, amene mu 1987 anavinitsa Ulaya ndi nyimbo yake ya Yé ké yé ké, kora ili m'manja. Chaka chotsatira, Toumani Diabaté anatulutsa chimbale cha Kaira, momwe kora ikuyankhula yokha popanda mawu a munthu. Lero Sona Jobarteh, wa kubanja la ajeli a ku Gambia, akuliza choimbira chimene kale chinali cha amuna okhaokha.

(Ng'oma za Chiyoruba)

Mbiri imasungidwanso mu utoto. Tsopano titsike ku Nigeria, m'tauni ya Osogbo. Mu 1964, mnyamata wina wovina ndi kuimba analowa m'maphunziro a zojambula amene Georgina Beier ankatsogolera. Dzina lake ndi Twins Seven-Seven, pakuti amayi ake anabereka mapasa kasanu ndi kawiri, wopulumuka n'kukhala iye yekha. Iyeyu anatenga nthano za Ayoruba, za mizimu ya m'nkhalango ndi nyama zoyenda ngati anthu, n'kuziyala pathabwa. Ankadzaza chithunzi chonse ndi timizere ting'onoting'ono, osasiya mpata, moti diso limayenda nacho monga khutu litsata nthano: uku chilombo, uku mlenje, ukonso maso akukusuzumira.

Omvera, akulu anati mawu a akulu akoma akagonera. Mawu a Balla Fasséké agonera zaka pafupifupi 800. Anachoka pabwalo la mfumu, nafika pasiteshoni ya sitima, ndipo usiku uno alowa m'nyumba mwanu kudzera pa wailesi. Chawasunga n'chakuti m'badwo uliwonse mwapezeka mwana wokhala pansi kumvetsera, kenaka n'kuimirira kukafotokoza m'njira yakeyake.

(Kora ikwere, ilire mpaka kumapeto)