Ken Gampu, Mmisiri wa Masewero

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, lero tikambe za munthu amene ambiri anaiona nkhope yake m'kanema koma dzina lake osalidziwa. Iyeyu ndiye Ken Gampu, amene anabadwira ku Germiston, m'dziko la South Africa, m'caka ca 1929.

M'kanema ya Dingaka ya mu 1964, iye anali tate wofunafuna munthu amene anapha mwana wake wamkazi. Mu The Naked Prey anatsogolera ankhondo othamangitsa Mzungu m'thengo. Maso ake ndi mayendedwe ake zinali zokwanira kuonetsa kuti mtsogoleri ndiye. Mu 1985 anali Umbopo mu King Solomon's Mines, kanema yojambulidwa ku Zimbabwe.

Nchito yonseyi anaigwira m'masiku a malamulo a tsankho. Mu 1975, pocita sewero la Of Mice and Men, panafunika cilolezo ca boma kuti aime pabwalo limodzi ndi Azungu. Anamwalira m'caka ca 2003.

Tsono ananu, mukapatsidwa mbali yaing'ono m'sewero la kusukulu, musainyoze. Icitani ndi mtima wonse, pakuti mutu umodzi susenza denga.