Anawasesera ku Dzaleka, koma mpamba wa venda sunakule

Mwezi wa Meyi ukafika, omenyera ufulu wa anthu othawa kwawo amakumbutsa dziko zomwe zinayamba pa 17 Meyi 2023. Tsiku limenelo apolisi ndi asilikali anayamba kugwira anthu ochokera ku Burundi, Rwanda ndi Congo m'madera a mzinda wa Lilongwe, kutseka mashopu awo, kuwasunga kundende ya Maula, ana omwe, kenako n'kuwatumiza kumsasa wa Dzaleka m'boma la Dowa. Boma linali litalengeza mu Malichi chaka chomwecho kuti wothawa kwawo aliyense wokhala kunja kwa msasa abwerereko pofika pa 15 Epulo, ndipo anthu oterewa ankaganiziridwa kuti alipo pafupifupi 8,000. Ntchitoyi inafalikira m'maboma ena. Chifukwa chomwe chinawomberedwa m'manja m'misika chinali chimodzi: alendowa alanda malonda a eni nthaka. Anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi ndi amene angayankhe bwino ngati mfundoyi ili yoona, pakuti iwo anaona mashopu akutsekedwa m'misika yawo, ndipo ndi iwo omwe anakhala oyandikana ndi onse amene anasesedwawo.

Pamalo ena amalonda m'mbali mwa msewu wochoka ku Mponela kupita ku Ntchisi pali golosale yomwe anthu amaitchulabe kuti kwa Mburundi, ngakhale mwini wake anachotsedwapo kalekale. Bamboyo anafika m'dziko muno ali mnyamata, nkhondo ya ku Burundi yomwe inabuka mu 1993 itamwaza banja lawo. Anakulira ku Dzaleka, Chichewa anachidziwa mpaka miyambi, ndipo anakwatira mayi wa m'mudzi wapafupi ndi msikawo. Anayamba ndi kabenchi ka sopo, mchere ndi mafuta ophikira oyeza ndi kabotolo. Patapita zaka anachita lendi nyumba yamalata, kutsogolo golosale, kuseri mosungira matumba. Ankatsegula kusanache n'kutseka usiku. Nthawi yokolola ankapachika sikelo pakhonde n'kumagula soya, mtedza ndi nyemba, ndipo m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, ufa ukatha m'nyumba zambiri, anali ndi kope lomwe ankalembamo ongongola shuga, sopo ndi chimanga kuti adzabweze akakolola. Anyamata a m'mudzimo ankapezapo ganyu yosoka ndi kusenza matumba, akabaza ankanyamula katundu wake kuchokera ku Mponela, ndipo mwini nyumba ankalandira lendi mwezi ndi mwezi.

Lero m'golosalemo muli mkazi wake. Mashelefu ambiri ali mbee, chifukwa amene ankadziwa kooda katundu motchipa, komanso amene ogulitsa zinthu zambiri ku Lilongwe ankamukhulupirira pa ngongole, ali ku Dzaleka ndipo sangatuluke popanda chilolezo. Sikelo inagulitsidwa, mosungira matumba muja mukugona mbuzi. Ana anatsala ndi mayi wawo, ndipo pachikhalidwe cha Achewa palibe chachilendo pamenepa: bambo uja anali mkamwini, ana ndi a mbumba ya kuchikazi, mwini mbumba ndi malume awo. Ndiye kuti lamulo lomwe linkati likuteteza Amalawi linachotsa bambo pakhomo la mayi wa Chimalawi, linasiya ana a m'mudzi wa Chimalawi opanda wowalipirira fizi, linadula lendi ya mwini nyumba wa Chimalawi, n'kuthetsa ganyu ya anyamata a Chimalawi. Golosale yoyandikana nayo, ya mnyamata wa komweko, sinakule. Makasitomala ena anasamukirako ndithu, koma mwini wake alibe ndalama zodzazira mashelefu, ndipo ngongole ya Febuluwale sangaipereke chifukwa mpamba wake ukatha ndiye kuti watseka.

Apa ndi pamene mfundo yolanda malonda ikugwera. Dandaulo la venda wa Chimalawi ndi lenileni ndipo silofunika kulinyoza. Iye amaona mnzake wochokera kunja akugulitsa sopo pamtengo womwe iye amaodera, ndipo amadzifunsa kuti zikutheka bwanji. Yankho lake lilibe zamatsenga. Amalonda ambiri ochokera ku Burundi ndi Rwanda amaphatikiza ndalama, amaoda katundu wambiri nthawi imodzi, amabwerekana mpamba popanda chiwongoladzanja chachikulu, ndipo amakhutira ndi phindu lochepa pa chinthu chimodzi bola katundu aziyenda. Venda wathu amaoda yekha katoni imodzi, mpamba wake ndi wa banki mkhonde kapena wa katapila, ndipo phindu lomwelo ndi lomwe amagulira feteleza, mankhwala ndi bokosi pakagwa maliro. Kuchotsa mnzake uja sikumupatsa ngongole yotchipa, sikumutsitsira mtengo wooda, sikumukonzera msewu wa kumudzi womwe umaterera dzinja likafika. Mu Novembala 2023, patangopita miyezi yochepa alendowo atasesedwa, kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, pamwamba pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022. Zimenezi ndi zomwe zinadya mpamba wa mavenda, ndipo palibe wothawa kwawo amene anali nawo pamsonkhano wogwetsa ndalamayo.

Palinso mlimi, yemwe mawu ake samveka pamkanganowu ngakhale ndiye wochuluka ku Dowa ndi Ntchisi. Mlimi wa soya kapena mtedza amapindula ogula akachuluka, chifukwa akakana mtengo wa sikelo iyi amapita pa inayo. Ogula akachepa, wotsalayo ndiye amatchula mtengo. Ena anena kuti ogula akunjawa ankabera alimi ndi sikelo zokhota komanso ankagula mbewu zikadali m'munda pamtengo wolira. Zoterezi zimachitika, koma zimachitidwa ndi ogula a mitundu yonse, ndipo mankhwala ake ndi kuyeza sikelo, kulemekeza mitengo yomwe boma limalengeza chaka chilichonse, ndi kulanda chiphaso cha wopezeka akuba. Wakuba ndi sikelo amagwidwa ndi sikelo yake, osati ndi dziko lomwe anabadwira.

Otsutsa amabwera ndi mfundo ina yamphamvu: lamulo ndi lamulo. Nzoona kuti Malawi posayina pangano la mayiko la 1951 lokhudza othawa kwawo, zomwe anachita mu 1987, anakana kumangidwa ndi ndime zingapo, kuphatikizapo zokhudza ufulu woyenda ndi wogwira ntchito. Nzoonanso kuti boma litalamula koyamba mu Epulo 2021 kuti onse abwerere kumsasa, othawa kwawo anakatenga chiletso kubwalo la milandu, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 2022. Koma tiyenera kukumbukira nthawi yomwe malamulowa anapangidwa. Lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989, pomwe dziko lino linkasunga anthu a ku Mozambique omwe anafika mpaka kupitirira 1 miliyoni, ndipo aliyense ankayembekezera kuti nkhondo ikatha abwerera kwawo, monga anachitiradi mtendere utabwera mu 1992. Dzaleka ndi nkhani ina. Malowa, omwe m'nthawi ya chipani chimodzi anali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa zandale, anasandutsidwa msasa mu 1994 kuti musungidwe anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000. Pofika 2023 munali anthu oposa 50,000, ndipo ena anabadwira momwemo, kukwatira momwemo n'kuberekanso ana momwemo. Lamulo lopangira mlendo wa miyezi ingapo likugwiritsidwa ntchito pa munthu amene sadziwa dziko lina. Boma lenilenilo linavomereza zimenezi pomwe linalonjeza ku Geneva mu 2019 kuti liunikanso lamuloli.

Ndipo katundu wa chiganizo chobwezera anthu kumsasachi anamusenza ndani? Chaka chomwecho cha 2023 thandizo la chakudya kumsasa linadulidwa mpaka theka chifukwa cha kuchepa kwa ndalama za opereka thandizo. Anthu omwe ankadzidyetsa okha, kulipira lendi ndi ziphaso za msika, anasandutsidwa odikira thandizo lomwe linali litachepa kale. Munthu wanjala sakhala pansi. Amafuna nkhuni, madzi ndi ganyu, ndipo zonsezi amazifuna m'midzi yozungulira msasa, m'dera lomwe mitengo inatha kale ndipo mijigo imakhala ndi mizere. Amene anakondwera ku Lilongwe kuti alendo achoka anangokankhira vutolo kwa anthu a ku Dowa, omwe sanafunsidwe.

Nkhani ya chitetezo nayo imatchulidwa, makamaka yakuti pakati pa othawa kwawo mwabisala anthu oganiziridwa kuti anatenga nawo mbali pa kuphedwa kwa anthu ku Rwanda mu 1994. Oterewa alipo ndipo ayenera kuyankha milandu yawo. Koma munthu wotere amafunidwa ndi dzina lake, umboni wake ndi tsiku lake kukhoti, monga zinachitikira ndi wina yemwe anatumizidwa ku Rwanda mu 2019 nkhani yake itazengedwa m'makhoti a kuno. Kugwira mayi wogulitsa tomato ndi mwana wake kumsana sikuthandiza kupeza munthu ameneyo. Nchifukwa chake pangano la mayiko a mu Africa la ufulu wa anthu la 1981 limaletsa kuthamangitsa alendo m'chigulugulu potengera dziko, mtundu kapena chipembedzo, ndipo limafuna kuti aliyense achotsedwe pokhapokha nkhani yake itaweruzidwa motsata lamulo. Kutumiza anthu ku Dzaleka sikofanana ndi kuwatulutsa m'dziko, koma maganizo ake ndi amodzi: munthu akulangidwa chifukwa cha gulu lomwe akuchokera, osati chifukwa cha zomwe wachita.

Amalawi tiyenera kumva zimenezi msanga kuposa wina aliyense. M'midzi yambiri muli nyumba zamalata zomangidwa ndi ndalama za ku Joni. Mu 2008, komanso mu 2015, abale athu anathawa zipolowe zodana ndi alendo ku South Africa, ena n'kubwera pa mabasi omwe boma linatumiza, ndipo mawu omwe ankawathamangitsira ndi omwewa: mukulanda ntchito, mukulanda malonda. Nthawi imeneyo tinkati munthu aweruzidwe payekha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Omenyera ufulu, atsogoleri a mipingo ndi maloya omwe akutsutsa zosesa anthuzi sakunena kuti malire atsegulidwe aliyense alowe mmene afunira. Zomwe akupempha n'zotheka: wothawa kwawo yemwe wakhala zaka zambiri mwamtendere alembetsedwe, apatsidwe chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito kunja kwa msasa, adule chiphaso cha malonda, akhome msonkho, ndipo akalakwa aimbidwe mlandu ngati wina aliyense. Okwatirana ndi Amalawi asalekanitsidwe ndi mabanja awo. Ngati pali malonda ang'onoang'ono omwe dziko likufuna kusiyira eni nthaka, alembedwe poyera kuti aliyense awadziwe. Ndipo venda wa Chimalawi athandizidwe pa chomwe chikumupwetekadi, chomwe ndi mpamba ndi mtengo wooda.

Chodabwitsa n'chakuti malonda omwe akuletsedwa kunja kwa msasa akuyenda bwino pakhomo pake penipeni. Lachiwiri lililonse ku Dzaleka kumakhala msika waukulu, ndipo alimi a m'midzi ya Dowa amalawirira ndi kabichi, mbatata, tomato, nkhuku ndi mbuzi, pobwerera atagula nsalu, chapati kapena atakonzetsa foni. Akabaza a pa Dowa Turn-off ambiri amatha kutsutsana mtengo m'Chiswahili, ndipo ana a mumsasa amasewera mpira akukalipirana m'Chichewa. Palibe ofesi yomwe inawaphunzitsa zimenezo, ndipo pamsikapo ogula amafunsa mtengo wa chidebe, safunsa chitupa cha wogulitsa.