Mbozi zodyetsa mabanja ku Thailand

Kuno kwathu mtengo wa mabulosi ndi wa ana: amakwera, nkutsika milomo ili bii! Koma m'midzi ya kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Thailand, chigawo chomwe eni ake amachitcha Isan, chuma cha mtengowu chili m'masamba.

Masambawo ndi chakudya cha mbozi zomwe zimatulutsa ulusi wa silika. M'madera a Khon Kaen, Surin ndi Kalasin, amayi akamaliza kukolola mpunga amakhala pansi pa nyumba zawo zasanja nkuyamba kuwomba nsalu, luso lomwe mwana wamkazi amaliphunzira kwa mayi ake kapena agogo.

Ntchito imayambira m'malichero akuluakulu ansungwi momwe amasungiramo mbozizo. Zimadya usana ndi usiku kwa milungu itatu kapena inayi, ndipo zimafundula kanayi. Mwini wake amazivundikira ndi nsalu poopa ntchentche ndi nyerere chifukwa akangolekerera pang'ono, thukuta lonse lapita pachabe.

Mbozi ikakhwima imasiya kudya, nkudzikulunga m'chikwa cha ulusi wotuluka kukamwa kwake. Zikwa za mbozi za makolo ku Thailand zimakhala zachikasu.

Gulugufe asanaboole chikwa ndi kudula ulusi, amayi amaponya zikwazo mumphika wa madzi otentha. Ulimbo ukasungunuka amakoka timaulusi ta zikwa zambiri pamodzi, nkukhala ulusi umodzi. Tizilombo totsala mumphikamo sataya, amadya monga momwe ife timadyera mphalabungu.

Ulusiwu umakhala wokhakhala, choncho amauwiritsanso m'madzi odontheza paphulusa, monga la mitengo ya nthochi. Amene adathirapo chidulo mu therere sangadabwe. Ukatero ulusi umafewa nkuyamba kunyezimira.

Nanga utoto? Akatswiri akumudzi saugula m'sitolo. Wofiira umachokera ku phula la tizilombo totchedwa khrang, tomwe timamatirira m'nthambi za mitengo. Wabuluu amaupeza poviika masamba a chitsamba cha khram mpaka atasasa. Mtima wa mtengo wa jackfruit komanso chikasu zimapereka mtundu wachikasu, pomwe zipatso za makluea, mtengo wapachibale ndi msumwa wathu uja, zimapereka wakuda. Kuti ulusi ude bwino amaunyika ndi kuwuyanika kambirimbiri, ena mpaka amaupondera m'matope kuti utoto ugwire.

Nsalu yotchuka kwambiri kumeneko ndi mudmee. Maluwa ake sajambula pansalu yowomba kale ayi. Mayi amamanga ulusi mfundomfundo m'malo omwe sakufuna kuti utoto ulowe, nkunyika, nkumasula, nkumanganso pena, kenaka nkunyika mu utoto wina. Maluwa amadzaoneka pokhapokha akamawomba, ndipo akaphonya kuwerenga ulusi, chithunzi chonse chimakhota.

Lusoli lidatsala pang'ono kuzilala nsalu zotchipa za m'mafakitale ndi utoto wa m'sitolo zitafika. Kuno kwathu zoterezi zidachitikadi: nsalu za thonje zomwe Amang'anja ankawomba kuchigwa cha Shire zidatha, ndipo nyanda lero tikungoiona m'nyumba zosungiramo zinthu zakale.

Ku Thailand kudapezeka anthu ochitapo kanthu. M'chaka cha 1948 Jim Thompson, mzungu wa ku America, adakhazikitsa kampani ya Thai Silk Company ndipo ankagula nsalu kwa Asilamu owomba nsalu a ku Ban Khrua mumzinda wa Bangkok. Nsaluzi zidatchuka kunja zitavalidwa m'sewero la The King and I ku New York mu 1951. Mkuluyu adasowa modabwitsa mu 1967 atapita kokayenda kumapiri a Cameron Highlands ku Malaysia, ndipo sadapezekenso.

Wina ndi Mfumukazi Sirikit, yomwe idamwalira mu 2025. Poyendera midzi, mfumukaziyi idachita chidwi ndi nsalu zomwe amayi osauka ankavala. Mu 1976 idakhazikitsa bungwe la SUPPORT lothandiza alimi kupeza ndalama kudzera m'ntchito zamanja, ndipo iyo yomwe inkavala mudmee pamisonkhano ikuluikulu. Nsalu yomwe ena ankaiona ngati ya akumudzi idasanduka ya mabwana.

Mu 2003 atsogoleri a mayiko omwe adasonkhana ku Bangkok pamsonkhano wa APEC adavala malaya a silika wowombedwa m'mudzi wa Ban Tha Sawang ku Surin.

Komabe mavuto sadathe. Achinyamata ambiri amathamangira ku Bangkok kukafuna ntchito ya pamwezi, kusiya zowombera nsalu m'manja mwa okalamba. Misika nayo idadzala ndi nsalu za poliyesita zomwe amalonda ena amanamiza ogula kuti ndi silika. Pofuna kuteteza owomba, mu 2007 dzikolo lidayambitsa chizindikiro cha nkhanga ya pikoko cha mitundu inayi. Chagolide chimaikidwa pansalu ya ulusi wa mbozi za makolo, wokokedwa ndi kuwombedwa pamanja.

Inunso mukakumana ndi wamalonda wolumbira kuti mpango wake ndi silika weniweni, zulani kaulusi kamodzi muyatse. Silika amanunkha ngati tsitsi lopserera ndipo phulusa lake limafumbutuka m'zala. Kakasungunuka ngati jumbo, bwezani ndalama zanu m'thumba.