Magalimoto Osema ndi Mbiri Yace

Pa tebulo langa ku ofesi ya Boma pali kagalimoto ka mtengo wa mlombwa, kamene ndinagula kwa mmisiri wina wosema ziboliboli ku Kabwata, mu Lusaka. Alendo amakayesa coseweretsa ana, koma kwa ine kali ngati buku la mbiri.

Poyamba tidziwe kumene galimoto inacokera. M'caka ca 1886 Karl Benz wa ku Mannheim, m'dziko la Germany, analembetsa galimoto yace yoyendera petulo. Inali ya mawilo atatu, injini inali kumbuyo, ndipo woyendetsa anali kukhotetsa ndi kandodo. Mu 1908 Henry Ford wa ku Detroit, ku America, anayamba kupanga Model T, ndipo pofika 1927 anali atapanga magalimoto otere oposa mamiliyoni 15. Kanga kaja ndi cifaniziro ca Model T. Mungaizindikire ndi mawilo ace a masipoko a mtengo, denga lopinda, ndi citsulo ca kutsogolo cimene anali kupukusa poliza injini.

Nchito yosema iyenda motere. Mmisiri asankha mtengo wouma, pakuti wauwisi umang'aluka pambuyo pace. Asema thupi ndi kasemasema, nalikonza ndi mpeni. Mawilo ndiwo obvuta, cifukwa liri lonse lisemedwa palokha, ndipo boo likaphonya pakati, galimoto imayenda motsimphina. Potsiriza apala ndi galasi la botolo losweka, napaka polishi wa nsapato kuti iwale.

Tsono cimene cindidetsa nkhawa ndi ici. Anyamata ena asema poyang'ana cosema ca mnzao, osaona cithunzi ca galimoto yeniyeni, ndipo ali yense asiya kanthu kapena kuonjezapo kace. Tsiku lina ndinaona ina ya mphuno ya Land Rover, mwini wace nanenetsa kuti ndiyo ya Benz ya 1886. Mwana wogulidwira yotere adzakula ndi mbiri yabodza. Nayo mitengo ya mlombwa icedwa kukula, koma idulidwa msanga.

Cifukwa cace, inu a m'tauni, pogula muziwerenga mawilo, muzifunsa dzina la galimoto ndi caka cace, pakuti akulu anati safunsa anadya phula. Mukapeza mmisiri wodziwa mbiri ya cimene wasema, mlipireni bwino osanenerera, kuti aphunzitsenso ana ace.