Shopu ya azakhali yatsegula chitseko

Azakhali anga ndi telala ku Limbe, ndipo dzanja lawo pa makina limadziwika mpaka ku Bangwe. Koma webusaiti imene ndinawapangira pa WordPress inali ngati golosale yopaka penti yowala koma yokhoma ndi loko. Chikwangwani chilipo, zitenje zikuoneka, pogulira palibe. Munthu ankangosuzumira pazenera n'kubwerera. Zithunzi nazo, zochoka m'foni n'kuikidwa momwemo, zinali zolemera ngati thumba la simenti. Ukamadikira kuti diresi limodzi lioneke, bandulo inkatha lisanafike m'chiuno.

"Mwanawe, chinthu chako chija n'chongodya ndalama," ankatero azakhali chaka chilichonse nthawi yolipira ikakwana. Ndinkangokanda mutu.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti WordPress, imene Matt Mullenweg ndi Mike Little anaiyambitsa mu 2003, imabwera ngati nyumba yopanda katundu. Kuyambira mu 2004 inayamba kulandira timapulogalamu tina tolumikiza, ma plugin. Omanga ake anasiyiratu pokoleka ponseponse, choncho umangopachika chimene ukufuna osagumula khoma. Aulere okha lero ndi oposa 50,000.

Loweruka lina ndinakhala pa mpando wapafupi ndi simbi, laputopu pamiyendo. Ndinayamba ndi WooCommerce, imene inatuluka mu 2011 kuchokera ku WooThemes, kampani imene mizu yake inali ku Cape Town konkuno kum'mwera. Nditaidina, eee, shopu inamera kauntala! Pansi pa diresi lililonse panabwera mtengo wake m'makwacha, saizi, ndi dengu loponyamo zimene wasankha. Pamalo olipirira kudzera ku banki ndinangosintha mawu, n'kulembapo nambala za azakhali za Airtel Money ndi Mpamba. Kenako ndinaika Smush kuti azifinya zithunzi, Contact Form 7 ya Takayuki Miyoshi wa ku Japan kuti makasitomala azilemba miyeso yawo, ndi Akismet, mlonda wa pachipata, chifukwa fomu itangotseguka otsatsa njuga ndi mankhwala ochepetsa mimba ndiwo anayamba kufika.

Apa ndiye dyera linandigwira. Zaulere zimakoma. Pofika madzulo ndinali nditaika ma plugin 23, kuphatikizapo ina yogwetsa chipale chofewa pazithunzi. Chipale ku Limbe, mu Okutobala! Nditadina yomaliza, zonse zinangoti mbee. Palibe diresi, palibe chilembo.

"Wapha shopu yanga?" anafunsa azakhali, singano ili kukamwa.

"Ayi azakhali, yangokomoka."

Awiri mwa alendo angawo, ma plugin aja, anali atalimbirana pokoleka pamodzi. Mankhwala ake ndi osavuta ukawadziwa: umalowa mu foda ya wp-content/plugins, n'kusintha dzina la foda ya wolakwayo. WordPress ikamusowa imamuzimitsa yokha. Madiresi anabwerera onse bwinobwino, ine thukuta lili kamukamu. Usiku womwewo ndinathamangitsa 16, chipale chija patsogolo, ndipo mwa otsalawo ndinasunga UpdraftPlus kuti azikopera zonse n'kusunga padera, poopa kukomoka kwina.

Lachiwiri m'mawa foni ya azakhali inalira ali pakati popinda mpendero. Anaiyang'ana, anavula magalasi, anawavalanso. Mayi wina wa ku Mzuzu, amene sanapondepo m'shopumo, anali ataoda madiresi 12 a chinkhoswe, nsalu imodzi, miyeso yonse italembedwa bwino, ndalama ya chikole italowa kale pa Mpamba. Nthungululu imene inamveka pamenepo inatulutsa wometa tsitsi wa khomo loyandikana, lumo lili m'manja.

Lero tsamba limatseguka usanameze malovu. Maoda amalowa azakhali ali mtulo, ena kuchokera kwa Amalawi a ku Johannesburg ofuna kuti mayi awo kumudzi avale zatsopano pa Khirisimasi. Makina achiwiri, amene ankangosungira mphaka malo ogona, apeza mtsikana wowapalasa. Kabuku kothimbirira kamene ankalembamo maoda tsopano n'kotsamiritsira mwendo wa tebulo.

Dzulo anandiitana, nkhope ili gwa ngati pali mlandu.

"Mwanawe, takhala pansi. Mwa mapulagini ako 50,000 aja, palibe wosokerera mabatani?"