Breka Ikagwa, Musaikakamize

Mu July tinali kwathu ku Chongoni, nthawi imene nkhungu imakuta phiri ndipo kuzizira kumalowa m'mafupa. M'mawa uliwonse tikangoyatsa hotipuleti kuti titereke phala, magetsi a nyumba yonse ankathima, chonsecho kwa aneba akuyaka, mayunitsi mu mita alimo. Tinkakweza breka, iyo n'kugwanso. Mlendo wina anatiuza kuti tiimange ndi waya kuti isagwenso. Tikanamvera, mwina nyumba ikanapsa.

Breka ndi mlonda wa nyumba. Imadula magetsi dala ikaona ngozi, ndipo zifukwa zake zimakhala zitatu.

Choyamba ndi kuchulutsa katundu. Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba ali mavoti 230. Tikagawa mawati olembedwa pansi pa chipangizo ndi 230, timapeza maampu amene chimakoka. Ketulo ya mawati 2,000 imakoka pafupifupi maampu 9, hotipuleti ya mawati 2,000 enanso 9, simbi ya mawati 1,200 maampu 5. Zonse pamodzi ndi 23. Ngati breka ya masoketi yalembedwa 20A, waya amayamba kutentha ndipo ikhoza kugwa pakapita nthawi.

Chachiwiri ndi shoti, pamene mawaya awiri osayenera kukhudzana akhudzana, kaya chifukwa chingwe chapsa kapena makoswe achitafuna. Apa breka imagwa nthawi yomweyo, mwina ndi kaphokoso ndi fungo la pulasitiki.

Chachitatu ndi kutayikira kwa magetsi m'chitsulo cha chipangizo. M'nyumba zambiri muli breka ina yokhala ndi kabatani koyesera, imene imagwa magetsi akatayikira pang'ono chabe, mamiliampu 30. Imeneyi ndiyo imateteza munthu ku nyesi, ndipo ikagwa kawirikawiri nyumba yonse imada.

Nanga cholakwacho tichipeze bwanji? Tizimitse masoketi ndi kuzula mapulagi onse, chifukwa kungozimitsa sikukwanira. Manja ali ouma, tikweze breka. Ikagwa chilichonse chisanalumikizidwe, vuto lili m'mawaya a nyumba, ndipo ife tilekere pomwepo. Ikakhala, tibwezere zipangizo chimodzichimodzi, chilichonse tichipatse mphindi zingapo kuti chitenthe. Chimene chagwetsa breka chili chokha tichiyesenso pa soketi ina. Chikagwetsanso, ndicho chowonongeka. Ngati chilichonse chikugwira bwino pachokha koma breka ikugwa tikaziyatsa pamodzi, tikungochulutsa katundu, ndipo mankhwala ake ndi kusinthanitsa: madzi awire kaye, kusita pambuyo.

Chipangizo chokayikitsacho tichizule, kenako tione chingwe ngati chang'ambika, ndi pulagi ngati yada kapena yasungunuka. M'pulagi ya mano atatu muli fyuzi, ndipo yaikulu kwambiri ndi ya maampu 13. Ikapsa tigule ina yofanana nayo, osaikamo kawaya kapena pepala lonyezimira. Ekisitenshoni nayo imathera pa maampu 13 omwewo, choncho ketulo ndi hotipuleti zisakhale pa imodzi.

Kwathu, cholakwa chinali hotipuleti. Msuzi wa nyemba unkasefukira n'kulowa pansi pa mbale yake, ndipo m'nyengo ya nkhungu imeneyi sunkauma. Tinaipukuta, tinaiyanika padzuwa masiku awiri, koma inagwetsabe breka ikangotentha. Apo tinaitana wamagetsi wa chiphaso, popeza safunsa anadya phula. Anapeza kuti elementi yang'aluka, ndipo magetsi ankafika pa chitsulo chimene amayi amagwira akamavundula nsima. Pakanapanda breka ija, nyesi ikanatha kudutsa mwa iwo.

Ambiri a ife tikamaliza maphunziro tidzakhala m'nyumba za aphunzitsi zimene mawaya ake anaikidwa kalekale, kutali ndi amisiri. Tikadzafika, tidzayambe tatsegula bokosi la mabreka, tiwerenge manambala ake, tidine kabatani koyesera, tisanatereke chilichonse.