Mwana wa duu uja lero ndiye mlongolozi wa pamudzi

Kwathu kwabuka vuto latsopano, ndipo ndikulilengeza monyadira. Mwana wa mlongo wanga, yemwe anthu ankati sadzayankhula mpaka kalekale, masiku ano sakutipatsa mpata. Akayamba nkhani pa nsima ndiwo zimazizira, chifukwa munthu sungateme mbamu ndi dzanja lomwe ukuyankhira funso. Mayi ake afika poika lamulo loti tizidya kaye, macheza pambuyo, koma woyamba kuswa lamulolo tsiku ndi tsiku amakhala agogo ake.

Mtsikanayu samva. Anabadwa bwinobwino, koma asanakwanitse zaka ziwiri anadwala malungo aakulu aja okomoka nawo, ndipo atachira makutu anali atatseka. Ana ambiri osamva m'dziko muno njira yawo ndi yomweyi: malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, chikuku, mafinya a m'khutu olekereredwa, nthawi zina mankhwala amphamvu omwe amapulumutsa moyo n'kutenga makutu. Pamudzi, komabe, panamveka zina. Ankati bambo ake amupereka chizimba kuti alemere. Bambo akewo mpaka lero chuma chawo ndi njinga yakapalasa imodzi, yopanda mabuleki akutsogolo.

Zaka zotsatirazo zinali za duu. Panyumba tinali ndi tizizindikiro tathu: kuloza pakamwa ndiye nsima, kukodola ndiye bwera, kukupiza dzanja ndiye choka. Kupitirira apo panalibe. Mwana akafuna chinthu chosalozeka ndi chala, kufunsa kumene mayi ake apita kapena chimene anzake akuseka, ankangodziponya pansi n'kulira mpaka mawu kusasa. Ena n'kumati ndi wamakani, ena ndi wozerezeka. Ku pulayimale yakwathu anamulemba ndithu, poti chiyambire 1994 sukulu ndi yaulere. Koma m'kalasi la ana oposa 100, mphunzitsi akuyankhula atayang'ana kubolodi, iye ankangojambula zilembo m'kope mwaluso lodabwitsa osadziwa kuti zilembozo zimanena kanthu. Anabwereza Sitandade 1, kenako anangosiya, n'kusanduka wotunga madzi ndi wopirikitsa mbuzi m'munda. Anthu ankachita zawo zonse pamaso pake mosaopa. Ichi chisungeni, tichifuna kutsogoloku.

Anatitsegula maso ndi mphunzitsi wina woyendera ana aulumali m'dera lathu. Anatitumiza ku Queens ku Blantyre kukayezetsa makutu, ndipo zotsatira zinaonetsa kuti onse awiri anafa kotheratu, moti ngakhale kachipangizo kovala kukhutu sikakanaphula kanthu. Chotsalira chinali sukulu ya ana osamva. Sukulu zotere kuno n'zowerengeka ndi zala: Maryview ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, Mountain View ku Bvumbwe, Mua ku Dedza, ndipo kumpoto kuli Embangweni, Bandawe ndi Karonga. Ana amagonera komweko, ndipo malo ake amachita kulimbirana. Titapeza malo pa imodzi mwa sukuluzi, mayi anga anakana kwamtuwagalu.

"Inu atsibweni ake, mwana wosamva mukamusiye kwa alendo? Akakamumenya kumeneko adzauza ndani?"

Ine monga mwini mbumba ndinagamula kuti apita basi. Ndikunena zimenezi kuti zilembedwe, chifukwa masiku ano agogowo amauza alendo kuti maganizowo anali awo.

Amene sanafikepo pa sukulu yotere amaganiza kuti pamakhala pa zii. Bodza lenileni. Ana osamva sadziwa kuti mbale ikagwa imasokosera kapena kuti nsapato yokwekwereza imalira, ndipo akamaseka amaseka ndi mapapo onse. Pofuna kuitana mnzake wakutali amaponda pansi mwamphamvu kapena kumenya desiki kuti winayo amve kunjenjemera. Usiku ku hositelo amathimitsa ndi kuyatsa getsi. Belu alibe nalo ntchito; m'mawa amayi oyang'anira hositelo amayenda bedi ndi bedi kugwedeza aliyense paphewa. Pa nthawi yopuma bwalo lonse limangoti manja phiriphiri ngati mpheta zagwera m'munda wa mapira, ndipo mlendo wakumva ndiye amaima kakasi, osadziwa ngati akumulonjera kapena akukambirana za nsapato zake.

M'kalasi madesiki sandanda m'mizere. Amawaika mokhota kuti mwana aliyense aone nkhope ndi manja a mnzake, chifukwa kumeneko ukapatsa munthu nkhongo ndiye kuti wamutsekera kunja kwa nkhani. Ana amakhala ochepa. Aphunzitsi ambiri anadutsa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, komwe amasula aphunzitsi a ana osamva, osaona ndi ena ovutika kuphunzira. Mwana watsopano sayambira Sitandade 1. Amayamba wakhala m'makalasi okonzekera, kumene ntchito yaikulu ndi kumupatsa chiyankhulo chimene anzake akumva anayamwira kubere. Mpando amaumata pepala lolembedwa dzina lake, chitseko chimodzimodzi, ndowa chimodzimodzi, mpaka mwana azindikire kuti chinthu chilichonse padziko chili ndi dzina, pamanja ndi papepala pomwe.

Ndimawalemekeza aphunzitsiwo, koma mwa kuona kwanga ntchito yaikulu imagwiridwa ku hositelo, kumjigo ndi pamzere wa phala. Ana akuluakulu ndiwo amamwetsa achichepere chiyankhulo, ndi nthabwala zake, mijedo yake ndi mawu ena amene sangaonetsedwe pamaso pa ahedi. Zimenezi si zakwathu kokha. Ku Managua m'dziko la Nicaragua, ana osamva atasonkhanitsidwa pa sukulu kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, aphunzitsi analimbikira kuwaphunzitsa kuwerenga milomo, koma anawo pabwalo ndi m'mabasi anapanga chiyankhulo chamanja chatsopano, chomwe akatswiri akuchifufuza mpaka lero. Kulimbikira milomoko kunachokera kutali. Mu 1880 msonkhano wa aphunzitsi a ana osamva ku Milan unagamula kuti manja achoke m'kalasi, ndipo ganizolo linalamula sukulu zambiri padziko kwa zaka pafupifupi 100. Kunonso akuluakulu osamva amene anaphunzira kale amasimba za kuima pagalasi, dzanja lili pakhosi pa mphunzitsi, kuyesa kutulutsa mawu amene sanawamvepo. Ntchito yake inali yowawa, phindu lochepa, chifukwa pamilomo p, b ndi m amaoneka chimodzimodzi. Lero manja analowanso m'kalasi, ndipo mu 2021 bungwe la anthu osamva la MANAD linatulutsa mtanthauziramawu wa chiyankhulo chamanja cha ku Malawi. Ndi chathuchathu, chosiyana ndi cha ku Britain kapena ku America, ndipo si Chichewa chongosamutsira pazala. Chili ndi malamulo ake, ena mwa iwo ali pankhope: kukweza nsidze kokha kumasandutsa chiganizo kukhala funso.

Mudzi wozungulira sukuluyo nawo unasintha, ndipo chinausintha ndi ndalama. Amayi ogulitsa mandasi pachipata amatchula mitengo ndi zala, amadziwa kunena kuti ngongole ayi, ndipo amadziwanso kukalipa mwana wofuna kuwapusitsa chenji. Anyamata a kabaza amanenerera mtengo ndi manja mwaukatswiri. Tsiku lina nditapita kukaona mwana ndinapeza mpira pakati pa anyamata a pasukulupo ndi a pulayimale yoyandikana nayo. Woyimbira anali ndi wezulo kukamwa ndi kansalu kofiira m'manja, kuti mbali zonse zimumvere. Mphunzitsi wa ana osamva anangoima chete kumbali, akutumiza malangizo kuchokera golo ina kufika golo ina, adani ake akuona zonse koma osatolapo kanthu. Mnzake wa timu inayo anakuwa mpaka mawu kutha, ndipo malangizo ake aliyense ankawamva kupatula amene sankafunika kuwamva. Madzulo ake kunali magule. Ana osamvawo ng'oma amaimva m'mapazi ndi pachifuwa, maso ali pa dzanja la woimba, ndipo sitepe sataya.

Tsopano za tchuthi choyamba. Anatsika minibasi mtsikana wonenepa, wometa bwino, n'kutola kamtengo, n'kulemba pansi dzina lake. Mayi ake anakhala pansi pomwepo. Zaka zonsezo takhala tikumuitana dzinalo, mwini wake sankadziwa kuti ali nalo. Atatero analoza mayi akewo, nsidze m'mwamba: nanga inu? Analoza ine, agogo, galu, mpaka mwana wa kwa aneba. Madzulo amenewo bwalo lonse linadzaza maina olembedwa padothi, nkhuku zikufufuta ife tikulembanso. Kenako anafuna kudziwa kuti ndani ndi ndani wa yani. Atamvetsa kuti ine ndi mayi ake tinabadwa mimba imodzi kwa agogo aja, anaseka mpaka kugwira m'mimba. Iye ankayesa kuti ndine bambo wina wongokonda kubwera nthawi ya nsima.

Anatipatsanso maina amanja, poti kwa anthu osamva dzina lotere sudzisankhira wekha, amakupatsa ndi eni ake poona chimene chimakuzindikiritsa. Mayi ake ndi kachipsera ka pachibwano. Agogo ndi kutsina fodya wamphuno. Langa ndi chikhatho chosisita pamwamba pa mutu, ndipo apilo yanga inakanidwa.

Pofika tchuthi chachitatu mawu anali atachuluka, mayi ake nawo atatolako ndithu, ndipo apa mpamene mudzi unayamba kutuluka thukuta. Kumbukirani kuti anthu ankachita zawo pamaso pake. Mwanayu ankaona zonse, ankasunga zonse, chimene analibe ndi potulutsira. Mazira aja ankasowa m'chikwere, galu n'kumenyedwa, anali kuphikidwa m'chitini kuseri kwa nkhokwe ndi msuweni wake, yemwe lero ndi bambo wapabanja pake. Kabotolo ka kachasu ka bambo ake kamakhala patsindwi la khola la mbuzi, kumanzere. Chitenje cha mayi ake chomwe tinkati chinauluka ndi kamvuluvulu chinapita kumsika m'dengu la munthu wodziwika bwino, pansi pa masamba a nkhwani. Nkhani zonsezi amazifotokoza ndi thupi lonse, kutengera kayendedwe ka wolakwayo, kutembenuka kwake koyang'ana ngati kukubwera anthu, moti dzina silifunikanso. Agogo aja ankafunsa kuti adzauza ndani, ndiwo amakhala kutsogolo pa mkeka, misozi ya chimwemwe ili mbwembwembwe, akuti abwerezenso ya mazira.

M'banjamo wophunzira wanzeru kuposa tonse ndi agogo omwewo, amene sanaponde m'kalasi chibadwire. Zala zawo ndi zouma ndi nyamakazi, koma nkhope yawo inkayankhula kale isanamve za sukulu. Iwo ndi mdzukulu wawo amacheza wina ali kudimba wina kutsidya kwa mtsinje. Amacheza pawindo la minibasi mpaka itakhota. M'tchalitchi amakhala wina ku amayi wina ku ana, ulaliki uli mkati, nkhani ya nduwira ya mayi wina ikuyenda pamwamba pa mitu ya mpingo wonse, mpaka tsiku lina mkulu wa mpingo anawapempha kuti manjawo azipumulako nthawi ya pemphero. Bambo ake ndiwo akutsalira. Amadziwa moni, ndalama palibe, ndi funsa amayi ako. Foni ya mlongo wanga nayo ili pamavuto, chifukwa mtsikanayu amaimbirana ndi anzake akusukulu pa vidiyo ya WhatsApp, ndipo bandulo ya sabata imatha tsiku limodzi. Pa wailesi ya kanema ya MBC iye amayang'ana womasulira wa pakona uja, n'kumatiuza akalakwitsa.

Pali chimodzi chimene chimandidetsa nkhawa. Ali pafupi kulemba mayeso a Sitandade 8, a MANEB omwewo amene ana onse amalemba, ndipo akakhoza adzapita ku sekondale ya ana akumva, kumene aphunzitsi odziwa manja ndi osowa ndipo omasulira m'dziko lonse ndi ochepa zedi. Ana anzeru ambiri amathera pamenepo. Iye akuti adzakhala mphunzitsi, ndipo poona mmene amatikhalitsira pansi pa mtengo wa mango Loweruka lililonse la tchuthi, kutibwezabweza mpaka chala chikhote moyenera, ine ndikuwamvera kale chisoni ana amene adzamupeze.

Tchuthi chapitachi mbiri yake inafika kubwalo la amfumu. Mbuzi zinadya chimanga chadimba cha mayi wina wamasiye, mwini mbuzi n'kukana kuti zake zinali zomangirira tsiku lonse. Mboni inali imodzi yokha, yomwe inkachapa kumtsinje nthawi imeneyo. Woimbidwa mlanduyo atamva kuti mboniyo ndi ndani anaseka, n'kuuza nduna kuti ayitanitse munthu woyankhula. Amfumu anati mwanayo abwere, mayi ake amasulire. Mtsikanayu anagwada mwaulemu, kenako anaimirira n'kuyamba: mbuzi zinayi, imodzi yothyoka nyanga, ina yotsimphina mwendo wakumbuyo, zinalowera pampata wa kumunsi. Anaonetsa mwini wake akubwera chothamanga, akuzikusa, n'kuthyola yekha zisononkho ziwiri zimene mbuzi zinasiya, n'kuzibisa m'malaya. Mayi ake asanafike n'pakati pomwe pomasulira, bwalo lonse linali litagwa kale ndi phwete, chifukwa kayendedwe kaja aliyense anakazindikira.

Amfumu anagamula ndowa ziwiri za chimanga kwa mayi wamasiyeyo, ndi nkhuku imodzi ya bwalo chifukwa cha bodza. Za zisononkho ziwiri zija anati alipire padera.